Maondo anasiya kupweteka potera

Nditangoyamba parkour, masewera othamanga n'kumadumpha makoma ndi zopinga zina, maondo ankandipweteka ndikadumpha kuchoka pakhoma, ngakhale lalifupi. Vuto linali mu akakolo. Sankapindika mokwanira, ndiye chidendene chinkafulumira kugunda pansi, mphamvu yonse n'kukathera m'bondo.

Makoma ndinayamba ndawasiya. M'mawa uliwonse ndinkanyonyomala mpaka pansi osanyamula zidendene, kenako n'kumakankhira bondo kukhoma phazi lili pansi, kuti mtsempha wakumbuyo kwa mwendo utambasuke. Kudumpha ndinayambiranso pa sitepe imodzi yokha, kutera ndi kutsogolo kwa phazi, maondo opinda, mopanda phokoso. Phazi likamveka kuti phi, ndinkabwereza. Zodumpha madenga ngati za David Belle wa ku Lisses ku France, mmodzi mwa amene anayambitsa parkour, n'za mtsogolo.

Ndinachepetsanso zakumwa zotsekemera ndi mandasi. Thupi litapepuka, ululu unatheratu.