Mmene mungawerengere ulendo wa Bennu pa kalikuleta ya pafoni

Anzanga musaope mawu oti asteroidi, ndi chimwala chabe chozungulira dzuwa ndipo masamu ake oyambirira mutha kuwapanga pafoni yanu yomweyo. Titenge Bennu, chimwala cha mamita pafupifupi 500 chomwe NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inakatapako dothi.

Pezani kaye manambala awiri pa intaneti. Yoyamba amaitcha a, kutalika kwa njira yake kuchokera kudzuwa mukatenga pakatikati, amayeza mu AU, ndipo AU imodzi ndi mtunda wochoka kuno kukafika kudzuwa, makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Ya Bennu ndi 1.126. Yachiwiri ndi e, yonena mmene njirayo yatalikira mbali imodzi ngati dzira, ya Bennu ndi 0.204.

Tsono tigwiritse lamulo lachitatu la katswiri wa zakuthambo Kepler la mu 1619, lotiuza nthawi yomwe chinthu chimatenga kuti chizungulire dzuwa kamodzi. Lembani 1.126 x 1.126 x 1.126, mupeza 1.428, kenako dinani sikweya ruti (√) ibwera 1.195. Zimenezo ndi zaka. Chulukitsani ndi 365 mupeza masiku 436, chaka cha Bennu nchimenecho. Koma chonde osaikamo makilomita apa, njirayi imafuna AU basi komanso ndi ya zinthu zozungulira dzuwa zokha.

Kuti mudziwe pomwe imayandikira dzuwa kwambiri chotsani e pa 1 nkuchulukitsa ndi a, ibwera 0.896, pomwe imatalikira phatikizani e ndi 1 nkuchulukitsanso ndi a, 1.356. Taonani bwino apa, dziko lathu lili pa 1, pakati pa manambala awiriwa, nchifukwa chake akatswiri samachotsa maso pa chimwalachi.

Pomwe pamandisangalatsa ine ndi apa. Chulukitsani 1.195 ndi 5, mupeza 5.98, ndiye kuti Bennu ikazungulira kasanu ife tazungulira kasanu nkamodzi, timakumananso chapafupi zaka 6 zilizonse. Chombo sichingonyamuka tsiku lomwe mwafuna ayi. OSIRIS-REx, chombo cha NASA chomwe chinapita ku Bennu, inanyamuka mu Seputembala 2016, inadzadutsanso pafupi ndi dziko mu 2017 kuti mphamvu yokoka ya dziko iikhotetsere ku njira ya Bennu yomwe ndi yopendekeka madigiri 6, inafika mu Disembala 2018, dothi lolemera magalamu 121.6 linadzatera ku Utah, ku America, pa 24 Seputembala 2023.

Kenako yesani Ceres, chimwala china chachikulu chozungulira dzuwa, a yake ndi 2.77, mukapeza zaka 4.6 ndiye kuti mwakhoza.