Mkhalakale ndi wongoyamba kumene: momwe osewera angaphunzitsirane mpira wa ku America

Mpira wa ku America, uja wosongoka uku ndi uku woponya ndi manja, sunafale kuno kwathu. Mwana wa ku Kasungu amakula akumenya chikulunga, ndipo akamafika Sitandade 5 mapazi ake amakhala atadziwa kale zambiri popanda womuuza. Mpira winawu palibe amene anakula nawo. Ndiye amene mukufuna kuuyambitsa pabwalo la sukulu, kaya paboma, ku Mtunthama kapena ku Santhe, mudzakumana ndi vuto limodzi msangamsanga: kochi ndi mmodzi, koma malo alionse pabwalo ali ndi luso lakelake. Woponya, wowakha, wotchinga, aliyense ali ndi zake. Matimu a mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, ali ndi kochi wa malo alionse. Inu mulibe. Amene muli nawo ndi osewera amene anayamba kale, ndipo ngati simuwapatsa ntchito yophunzitsa anzawo, ana atsopano azingoima m'mbali mwa bwalo kwa milungu iwiri kenako n'kubwerera ku mpira wa miyendo.

Tikamati mkhalakale sitikunena zaka zobadwa. Mtsikana wa Fomu 2 amene wasewera chaka chathunthu ndi mkhalakale kwa mphunzitsi wa zaka 30 amene wagwira mpirawu dzulo.

Yambani ndi mantha a wamkuluyo

Anthu ambiri amalumpha pamenepa. Mukauza wosewera kuti aphunzitse mwana wa malo ake omwewo, mukumuuza kuti anole mpeni umene udzamucheke. Iye akudziwa zimenezo ngakhale sanena. Ku Green Bay Packers, timu itatenga woponya wachinyamata Aaron Rodgers mu 2005, woponya wake mkhalakale Brett Favre ananena poyera kuti kukonzekeretsa mnyamatayo si ntchito yake, ndipo Rodgers anadikira pabenchi zaka zitatu, n'kudzayamba kusewera mu 2008. Ku Kansas City Chiefs zinayenda mosiyana. Mu 2017 woponya mkhalakale Alex Smith ankasewera, watsopano Patrick Mahomes akuonera, kuwerenga naye limodzi makanema a masewero ndi kumufunsa mafunso. Mahomes anayamba gemu imodzi yokha, yomaliza ya ligi. Chaka chotsatira Smith anatumizidwa ku Washington, Mahomes n'kuponya ma touchdown (mipira yogoletsa) 50 ndi kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Mahomes wakhala akumuyamikira Smith poyera, koma zoona zake n'zakuti Smith malo anataya.

Choncho musanamize munthu. Kochi akhale pansi ndi mkhalakaleyo awiriwiri, amuuze chilungamo: malo ake ndi otetezeka mpaka liti, ndipo mwanayo akadzakhwima iye adzapita pati. Njira imene ife timaikonda kwambiri ndi ya Philadelphia Eagles. Mu 2022 anatenga Cam Jurgens kuti adzalowe m'malo mwa Jason Kelce pa center, malo a wotchinga amene amayambitsa sewero popereka mpira kwa woponya, ndipo Kelce mwiniwake anathandiza nawo kumusankha. Mu 2023 sanamusiye pabenchi, anamuika pa guard wa kumanja, malo a wotchinga woyandikana ndi center, phewa ndi phewa ndi Kelce, akumva ndi makutu ake momwe mkuluyo ankaitanira anzake mpira usanayambe. Kelce atasiya kusewera mu March 2024 Jurgens anangosendera sitepe imodzi kumanzere. Ngati n'kotheka, asewere limodzi m'malo oyandikana. Mpikisano umachepa, ndipo mwana amaphunzira mpira uli mkati.

Pogawa, mmodzi atenge mmodzi, akachuluka awiri. Akhale a malo ofanana. Kochi alengeze pamaso pa timu yonse kuti uyu ali m'manja mwa uyu kwa milungu 6, ndipo mwanayo akalakwitsa poima, woyamba kufunsidwa ndi mkulu wake. Apatseni nthawi yawoyawo: mphindi 15 pulakatisi isanayambe ndi mphindi 10 ikatha. Mukangonena kuti “muzithandizana” popanda nthawi, palibe chichitike.

Zoyamba kuphunzitsa, ndi ndondomeko yake

Mkhalakale aliyense amafuna kuyamba ndi zokometsera, kuwakha ndi dzanja limodzi kapena kuponya kutali. Muletseni. Ndondomeko ndi iyi: poima, nthawi yonyamuka, kopita, kenako luso.

Poima ndi nthawi yonyamuka zimaoneka zazing'ono, koma ndi zimene zimadya mayadi. Wosewera wa timu yomwe ili ndi mpira akanyamuka mpira usanachoke pansi, timu imabwezedwa mayadi 5, pamene mu mpira wa anthu 11 muli ndi mipata inayi yokha yoti mupite mayadi 10. Wowakha asamamvere mawu a quarterback (woponya), aziyang'ana mpira uli m'manja mwa center. Ukasuntha, iye anyamuke. Sabata yoyamba yonse ithere pamenepo. Mkulu agwade ndi mpira, azifuula manambala mosokoneza, mwana asasunthe mpaka mpira utasuntha. Maulendo 20 patsiku.

Kopita: njira zinayi zokha pa milungu 6, osapitirira. Go, kuthamanga molunjika. Hitch, mayadi 5 n'kuima, kutembenukira kwa woponya ndi kubwerera sitepe imodzi kukumana ndi mpira. Out, mayadi 5 n'kukhota ngati ngodya ya nyumba kulowera kunja. Slant, masitepe atatu n'kudulira mkati mopingasa. Yadi imodzi ndi masentimita 91, ndiye mayadi 5 ndi mamita anayi ndi theka; yezani ndi chingwe, lembani ndi phulusa kapena laimu, musamayerekeze ndi maso. Chifukwa chake n'chakuti woponya amatulutsa mpira wowakha asanatembenuke. Amaponyera malo, osati munthu. Mwana akakhotera pa mayadi 7 m'malo mwa 5, mpira umagwera m'manja mwa mdani, ndipo anthu a m'mbali amatukwana woponya wosalakwa.

Pa slant pali kachinsinsi kamene kochi sangakhale ndi nthawi yokafotokoza kwa aliyense, koma mkhalakale angathe. Mwana aime phazi la mkati, loyang'ana kumene kuli mpira, lili kutsogolo. Sitepe yoyamba ikhala ya phazi la kunja, yachiwiri la mkati, yachitatu la kunja kachiwiri, ndipo ndi phazi limeneli limene amapondera mwamphamvu kuti adulire mkati. Akaima mosemphanitsa, pa sitepe yachitatu miyendo imapingana, amakhota mozungulira ngati njinga ya kabaza yonyamula matumba awiri a chimanga, ndipo womulonda amafika pa mpira iye asanafike.

Kuwakha ndi kwa manja, osati chifuwa. Mpira ukabwera pamwamba pa mchombo, zala zazikulu zikhudzane, za mkombaphala zikhudzanenso, pakati pakhale kabowo koti nsonga ya mpira ilowemo. Ukabwera m'munsi, tizala tating'ono ndi timene tikhudzane, zikhatho zikuyang'ana kumwamba. Maso atsatire nsonga mpaka mpira utalowa m'manja. Amene anasewerapo netball manja amakhala nawo kale; a mpira wa miyendo amakonda kuudikira pachifuwa, ndipo umadumpha. Mipira 50 patsiku, kuyambira patali mayadi 5, mofewa. Mkulu amene amaponya mwamphamvu kuti aonetse mkono wake akuphunzitsa mwana kuopa mpira. Ukagwidwa, upanidwe: zala pansonga yakutsogolo, nsonga inayo m'khwapa, mkono ukuukanikizira kunthiti. Mkulu aziyenda pambali n'kumaumenya mosayembekezeka.

Woteteza mu flag football, mpira wosagwetsana umene mdani amaimitsidwa pomukoka nsalu ya m'chiuno, aziyang'ana chiuno cha wothamanga. Maso ndi mapewa amanamiza, chiuno sichinama, ndipo nsalu zokoka zili pomwepo. Akayandikira afupikitse masitepe, apinde mawondo, agwire nsalu pafupi ndi lamba, osati kunsonga kumene ikuuluka. Nsaluzo mungadule pa chitenje chakale, ziwiri munthu aliyense, za mtundu wosiyana ndi kabudula, zopisidwa moti zituluke zikakokedwa. Wothamanga saloledwa kuzitchinga ndi dzanja.

Kadzudzulidwe

Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mwana akalakwitsa zinayi, sankhani chimene chabala zinazo; nthawi zambiri chimakhala mapazi kapena maso. Ndipo yambani ndi funso. “Mng'ono wanga, unaona chiyani pamene uja anabwerera m'mbuyo?” Akayankha kuti “Achimwene, sindinamuone, ndimayang'ana mpira,” mwadziwa kuti vuto ndi maso, osati liwiro, ndipo simutaya nthawi kumuthamangitsa. Kenako muonetseni pang'onopang'ono, achite katatu akuyenda, katatu akuthamanga pang'ono, katatu ndi liwiro lonse. Kufotokoza kusapitirire theka la mphindi. Sewero limodzi limatha m'masekondi ochepa, ndipo mu NFL timu imakhala ndi masekondi 40 okha kuti iyambe lina; mwana azolowere kulandira mawu ochepa n'kuchita.

Foni ndi chida chachikulu pamenepa, ndipo sichifuna bandulo. Wina aime kumbuyo kwa timu, pamalo okwera ngati pachulu kapena pakhonde la kalasi, ajambule masewero 10. Awiriwo aonere pomwepo pulakatisi ikatha, sewero lililonse katatu: koyamba mapazi a mwanayo, kachiwiri mdani wake, kachitatu mpira. Mkulu asabise ake. Mwana akaona achimwene ake akuloza cholakwa chawo chomwe, amasiya kubisa zake.

Mawu akhale amodzi ndi a kochi. Ngati kochi amati hitch, mkulu asamati china chimene anamva pa YouTube. Akasiyana maganizo ndi kochi, akakambirane okha, osati kudzera mwa mwana. Ndipo kochi azizungulira kuona zimene zikuphunzitsidwa, chifukwa mkhalakale amapatsira ndi zizolowezi zake zoipa zomwe, makamaka zija zimene iye amapulumuka nazo chifukwa cha liwiro lake.

Mutu ndi dzuwa

Popanda helemeti ndi zoteteza mapewa zokwana bwino, musagwetsane. Bwalo la ku Kasungu mu September ndi louma ngati njerwa yootcha. Sewerani flag, anthu asanu mbali iliyonse, pabwalo la mayadi 70 m'litali kuphatikiza malo ogoletsera ndi mayadi 25 m'lifupi, limene limakwana bwinobwino m'bwalo la mpira wa miyendo. Si mpira wa ana: ndi umene udzaseweredwe pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Mukadzapeza zida n'kuyamba kugwetsana, lamulo loyamba ndi nkhope m'mwamba, kuona chimene ukugunda, kugunda ndi phewa, mutu uli pambali pa thupi la mnzako. Kuweramitsa mutu ndi kumene kumathyola khosi.

Ngakhale mu flag mitu imagundana. Mwana watsopano sanena kuti wavulala, amaopa kuoneka wofooka, ndipo amene amazindikira msanga ndi amene amakhala naye pafupi. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufunsa funso lomwelomwelo, kuiwala njira imene amaidziwa bwino: atuluke, ndipo tsiku limenelo asabwererenso, ngakhale sanakomoke. Akaonedwe kuchipatala, ndipo ngati akusanza mobwerezabwereza kapena akungofuna kugona, apite nthawi yomweyo. Pobwerera ayambe ndi kuyenda, kenako kuthamanga, kenako mpira popanda kukhudzana, ndipo gawo lililonse litenge tsiku lathunthu kapena kuposa. Mkhalakale amene amati “limba mtima, ife tinkasewera magazi akutuluka” mulandeni mwanayo.

Za dzuwa, mu October musachite pulakatisi masana; m'mawa kwambiri kapena 4 koloko itadutsa, madzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, ndipo kumana munthu madzi kusakhale chilango. Korey Stringer wa Minnesota Vikings, mwamuna wa zaka 27 wokhala ndi madokotala a timu pafupi, anamwalira mu August 2001 chifukwa cha kutentha thupi pa pulakatisi. Watsopano amene sanazolowere ayambe ndi theka la ntchito sabata yoyamba.

Pamene zimaonongekera

Kunyamula mipira ndi zigubu za madzi ndi ntchito ya onse mosinthana. Ikangokhala ya atsopano okha, posachedwa idzafika pa kuchapitsa majezi, kugulitsa mandasi ndi ndalama za mwana, ndi mayina onyoza. Tizu wa kusekondale tonse timamudziwa, ndipo amalowa pakhomo lomweli la “tikumukhwimitsa”. Mu 2013 Jonathan Martin anachoka pakati pa ligi ku Miami Dolphins, ndipo kafukufuku amene ligi inalamula anapeza kuti otchinga anzake a pamzere womwewo ankamuzunza. Kochi azifunsa mwana aliyense payekha kamodzi pa sabata, mkulu wake palibe. Ndalama zisadutse pakati pa awiriwo. Ngati mwanayo sanakwane zaka 18, zophunzitsana zonse zichitikire pabwalo, anthu akuona, ndipo mtsikana apatsidwe mtsikana mnzake.

Vuto lina ndi kukakamira. Mkulu wina amakonda kwambiri udindowu moti mwana sangaime popanda kucheuka kuti aone ngati achimwene avomera. Alimi a fodya amadziwa kuti mbande sizichoka panazale kupita kumunda zikadali zofewa. Amayamba achepetsa madzi kuti zikhwime. Chitani chimodzimodzi. Sabata yachinayi mkulu asiye kulankhula sewero lisanayambe, azingolankhula likatha. Sabata yachisanu azilankhula pa nthawi ya madzi yokha. Sabata yomaliza mwanayo asewere gawo lathunthu la gemu yoyeserera, mkulu ali kunja kwa mzere ndi pepala, akulemba zinthu zitatu zokha zoti akambirane pobwerera kunyumba. Kenako kochi amuyese mwanayo motere: amupatse mpira ndi munthu amene wabwera lero, amuuze kuti amuphunzitse slant, ndipo aone ngati ayamba ndi phazi la mkati.