Hatchi yopuma pa mpikisano si ya ntchito zonse abale

Nyengo yozizira ino ndayenda m'maploti angapo cha ku Midrand, Kyalami mpaka Walkerville kuno ku South Africa, kumene abale athu ambiri ochokera kumudzi akugwira ntchito yosamalira mahatchi, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chandiwawa mpaka ndati ayi ndilembe basi. Khola ili khola ilo ndikupezamo Thoroughbred, mtundu wa mahatchi othamanga pa mpikisano, yoonda, nthiti zochita kuwerengeka, ili ndwii m'bulangeti, eni ake akudandaula kuti hatchiyi yavuta. Ukafunsa kuti munaitengera chani, yankho ndi lomwelomwelo, eti timafuna hatchi imodzi yoti ana aziphunzirirapo kukwera, Loweruka izinyamula alendo kokayenda kutchire, izidumphako mapolo pang'ono, penanso kuyendera nayo mpanda ndi ng'ombe. Ntchito zonsezo mwakatengera hatchi yomwe inabadwira chinthu chimodzi, liwiro.

Ndikudziwa chimene chimakukokani. Hatchi ikasiya kupambana ku mabwalo a mpikisano a Turffontein kapena Vaal eni ake amafuna ichoke msanga chifukwa ikungodya, ndiye mtengo umagwa, ina mpaka kungopatsidwa ulere. Ukaiona ndi yaitali, khosi lokongola, ubweya wonyezimira, mapepala ake ali bwinobwino, mtima umangoti mwayi sudziwika. Komatu akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kunyezimira kuja kunali kwa chakudya champhamvu chomwe imapatsidwa kangapo pa tsiku, farrier, munthu wosamalira ziboda ndi kuika nsapato, pafupipafupi, dotolo pompo, zinthu zoti pa ploti panu palibe ndipo simudzazikwanitsa.

Tangoganizani mmene hatchi imeneyi inakulira. Yambiri imayamba mpikisano ili ndi zaka 2 kapena 3, ndipo chimene imadziwa ndi chakuti ukaona anzako akuthamanga uwapitirire. Wokwera akakoka zingwe, iyo imatsamira pa chitsulo cha m'kamwa nkuonjezera moto, chifukwa kumeneko ndi mmene amachitira. Ndiye mwaikapo mlendo woti sanakwerepo chibadwire, mantha amugwira, wakoka zingwe kuti iime, mukuganiza kuti chichitike nchani? Ngakhale kuima phee pokwera siidziwa, poti jockey, wokwera wa pa mpikisano, amangomuponyera pamsana hatchi ikuyenda. Inu mumati ndi yamwano, mumaikwapula, pomwe ikungochita zimene inaphunzitsidwa.

Tsono ndalama. Hatchi ya makilo 500 imafuna udzu wouma pafupifupi makilo 10 pa tsiku, imeneyo ndi hatchi wamba, koma Thoroughbred zambiri udzu wokha sizigwira thupi, mpaka muonjezere msipu wopatsa mphamvu wa lucerne ndi chakudya cha m'matumba, ndipo kuno ku Gauteng kuyambira May mpaka mvula itagwa msipu umakhala utapsa ndi chisanu, mabelo a udzu wa teff ndi eragrostis akwera mtengo. Khungu lake ndi lopyapyala, kuzizira imamva msanga, ziboda nazo nzopyapyala kunsi moti ikaponda miyala ya m'njira zathuzi mawa lake ikutsimphina, ndiye nsapato zachitsulo miyendo yonse masabata 6 aliwonse. Zambiri zimachoka ku mpikisano zili kale ndi zilonda za m'mimba, mumadyetsa koma osanenepa, ukamanga lamba wa chishalo ikutembenuka kufuna kukuluma. Miyezi 3 isanathe mwaononga ndalama zoposa zomwe mukanagulira hatchi yoyenera, ndipo hatchiyo sinagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Bambo wina wa kwathu ku Dedza, wakhala m'makola zaka zambiri ndipo anasunga kangachepe nkuyamba kabizinesi kake koyendetsa alendo pa ploti ya lendi, anandiitana mwezi wathawu. Ndinamupeza atakhala pa ndowa yogadabuza, chipewa chili m'manja, akuyang'ana hatchi yofiirira yomwe inali kuluma thabwa la chitseko nkumameza mpweya, thabwalo litadyeka ngati lasemedwa ndi kasemasema. Akuti Lamlungu lina anatuluka ndi alendo 4, atafika pa kamsewu kowongoka hatchi ya kutsogolo inangoyamba kakuthamanga pang'ono, iyi inangoti fwaa kupitirira onse, mtsikana amene anali pamsana anakagwera mu waya nkuthyoka dzanja. Alendo aja sanabwerenso ndipo mbiri inawanda. Anandiuza kuti achimwene, ine ndimaona ngati ndatola. Chinandikhudza kwambiri nchakuti pakona pa khola lomwelo panali kahatchi kena kakafupi, konenepa bwino ndi udzu wokhawokha, kopanda nsapato, komwe kakhala kakumudyetsa zaka zonsezi, ndipo iye amafuna kukagulitsa kuti apeze ya dotolo wa inayo.

Chizolowezi choyeza hatchi ndi msinkhu chimenechi chithe abale. Mpaka liti tizingoti yaitali ndiye hatchi, yaifupi ndi bulu? Ndipo inu amene mumagwira ntchito kwa mabwana, ndinu amene mumadzuka 5 koloko m'chisanu, ndinu amene mumamenyedwa zibakera za miyendo, mumaidziwa hatchi kuposa mwini wake, koma bwana akati taona hatchi yotchipa pa Facebook mumangoti yes bwana. Yankhulani, mwaulemu koma yankhulani, poti ikamugwetsa mwana woyamba kufunsidwa ndinu. Sindikunena kuti Thoroughbred ndi yoipa ayi, ikapumitsidwa miyezi ingapo nkuphunzitsidwanso ndi munthu wodziwa imachita bwino zedi pa masewera a eventing (mpikisano wophatikiza kudumpha ndi maluso ena) ndi polo (mpira womenya ndi ndodo uli pa hatchi), koma imeneyo ndi ntchito ya katswiri amene ali ndi nthawi komanso thumba.

Chomvetsa chisoni nchakuti dziko lino lili ndi mitundu yakeyake yopangidwira ntchito zosakanizazi. SA Boerperd inachokera ku mahatchi akale a ku Cape omwe alimi ankayendera tsiku lonse m'mafamu, ndi yofatsa, ziboda zolimba, imanyamula munthu wamkulu, ndipo yomweyo imadumpha, imachita dressage (kuyenda mwaluso momvera wokwera) ya pansipansi, imakusa ng'ombe. Nooitgedachter inayambika mu 1952 pa famu ya boma ya kafukufuku ya Nooitgedacht pafupi ndi Ermelo, pofuna kupulumutsa magazi a Basotho pony ya m'mapiri a ku Lesotho, ndipo kwa ana ndi alendo amantha ine ndimaiika patsogolo. Ngati mtima wanu uli pa maulendo aatali ngati mpikisano wa ku Fauresmith wa makilomita pafupifupi 200 m'masiku 3, pezani yosakanizika ndi Arab, bola mudziwe kuti imakhala yotentherako magazi.

Za kagulidwe mukudziwa kale, ndingokumbutsa mwachangu. Tengani yaimuna yofula ya zaka 7 mpaka 12 yomwe ikugwira kale ntchito mukuifunayo, muikwere nokha kawiri konse, kamodzi payokha kamodzi pagulu, muigwire m'khola nokha osati muipeze atamanga kale chishalo. Dotolo wa ziweto aiyeze musanapereke ndalama, ndipo muone pasipoti yake ngati inabayidwa katemera wa matenda a African horse sickness, amene amabaya pakati pa 1 June ndi 31 October, mabotolo awiri motalikitsa masabata osachepera 3. Boerperd nayo imafa ndi matendawa, ndiye mvula ikayamba muzilowetsa onse m'khola dzuwa lisanalowe chifukwa cha tizilombo touluka tomwe timafalitsa matendawa, ndipo nkhupakupa muzichotsa tsiku lililonse.