Kompyuta ya anthu ambiri: musalowe nonse pa Administrator

Ngati kompyuta imodzi mumaigwiritsa ntchito anthu angapo, kaya kuofesi, kusukulu kapena pakhomo, chonde musamalowe nonse pa akaunti ya Administrator, imene imatha kusintha chilichonse pa kompyutapo. Ine zinandionekera: mnzathu wina anangodina "Yes" pa kapulogalamu kamene anabwera nako pa flash, basi kompyuta yonse n'kuyamba kukwawa ngati kamba. Tinataya masiku awiri tikuikonza, malipoti akudikira.

Pa Windows 10 kapena 11, lowani mu Settings, kenako Accounts, mupeze pamene pali Other users. Aliyense mumupangire akaunti yake, ndipo ikhale ya Standard User. Munthuyo azilemba mu Word, kulowa pa intaneti ndi kupulinta bwinobwino, koma akafuna kuika pulogalamu yokhudza kompyuta yonse kapena kusintha wotchi, pamatuluka kabokosi kofunsa pasiwedi ya Administrator. Foda ya mnzake sangaitsegulenso.

Pasiwediyo musaimate pansi pa kiyibodi! Inunso eni ake dzipangireni akaunti ya Standard yoti muzigwirirapo ntchito masiku onse.

Chenjerani ndi ichi: mapulogalamu ena, monga Chrome, amatha kuikidwabe mu akaunti ya munthuyo popanda kufunsa pasiwedi. Njira imodzi yowatsekereza ndi Group Policy, chida choikira malamulo pa kompyuta, imene imapezeka pa Windows ya mtundu wa Pro, pa ya Home palibe.