Kusankha Kamera ndi Zida Zake Popita ndi Banja ku Paki ya Zisangalalo

Tsiku limodzi ku paki yaikulu ya zisangalalo, monga za Disney kapena Universal, limatha maola 10 kapena kuposa, ndipo kuyenda makilomita opitirira 10 si chachilendo. Nthawi yonseyo dzanja limodzi lili pa mwana kapena pa kangolo kake, dzuwa likuswa mtengo, kutsogoloku kuli mzere wina wautali. Ndiye musanayambe kufananitsa mamegapikiselo (chiwerengero cha timadontho topanga chithunzi), ikani zida zanu zonse pa sikelo. Kamera, lenzi, batire lapadera ndi kachikwama kake zisapitirire kilogalamu imodzi ndi theka. Zikaposa pamenepo, pofika masana kamera imalowa pansi pa chikwama, pansi pa matewera ndi mabotolo a madzi, ndipo siitulukanso mpaka kuhotelo. Muyeso wina ndi uwu: kodi mungaitulutse, kuiyatsa ndi kujambula ndi dzanja limodzi mwana asanasiye kuseka? Ngati simungathe, kamerayo ndi yabwino pa ntchito zina, osati iyi.

Yambani ndi malamulo a pakiyo

Zida zina zimabwezedwa pageti pomwe, choncho werengani malamulo a paki yomwe mukupita musanagule kalikonse. Mapaki a Disney analetsa selfie stick kuyambira mu 2015. Ma drone ndi oletsedwa. Ku Walt Disney World salola tripod kapena monopod (choimikapo kamera cha miyendo itatu kapena umodzi) yomwe singalowe m'chikwama wamba cha kumsana kapena yotalika kuposa masentimita 182, ndipo chikwama choposa masentimita 61 m'litali, 38 m'lifupi ndi 46 msinkhu sichilowa. Ku Universal Orlando, pa ma roller coaster (sitima zamasewera zothamanga kwambiri) ena monga VelociCoaster ndi Incredible Hulk Coaster, mumadutsa pa makina ofufuza zitsulo, ndipo chilichonse cha m'matumba, ndi foni yomwe, chimatsala m'timakabati totsekera katundu. Timakabati taulere ndi tating'ono komanso tafupi, moti kamera yokhala ndi lenzi yaikulu imatha kukana kulowa, n'kukukakamizani kulipira kabati yokulirapo nthawi iliyonse mukafuna kukwera. Lamulo loletsa katunduli si nkhanza ayi. Foni yopulumuka m'manja pa liwiro lotere imagwa ngati mwala pa anthu omwe ali pansi.

Foni, kamera yaing'ono kapena yosintha malenzi

Foni ya zaka zitatu kapena zinayi zapitazi imakwanira pa zithunzi zambiri za masana, ndipo palibe chifukwa chochitira nayo manyazi. Imafooka pa zinthu ziwiri: kukoka zinthu zakutali, ndi kujambula chinthu choyenda pamalo a mdima. Night mode, njira ya foni yojambulira usiku, imalumikiza zithunzi zingapo zojambulidwa m'masekondi angapo, ndiye nyumba yowala magetsi imatuluka bwino koma mwana wovina patsogolo pake amatuluka ngati chipukupuku. Vuto linanso n'lakuti foni yomweyo ndi yomwe ili ndi matikiti, mapu ndi nthawi za mizere, choncho batire lake limatha msanga.

Kamera yaing'ono ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ya inchi imodzi, monga za mtundu wa Sony RX100, imalemera pafupifupi magalamu 300, imalowa m'thumba la jekete ndipo zoom yake, yokokera zinthu zakutali, ndi ya galasi lenileni. Kwa mabanja ambiri, iyi ndi foni n'zokwanira. Amene akufuna zithunzi za m'malo a mdima kapena za ana othamanga atenge mirrorless (kamera yosintha malenzi yopanda kalilole mkati) ya sensa yokulirapo ya APS-C kapena Micro Four Thirds. Ya full frame, yomwe sensa yake ndi yaikulu kuposa izi, imajambula bwino mumdima, koma malenzi ake ndi olemera: lenzi ya 24-70mm f/2.8 yokha imafika pakati pa magalamu 700 ndi kilogalamu imodzi, musanawerengere kamerayo. Posankha, yang'anani kwambiri ngati ili ndi fokasi yotsatira nkhope ndi maso. Ana saima malo amodzi, ndipo chinthu chimenechi chimapulumutsa zithunzi zambiri kuposa mamegapikiselo. Mamegapikiselo 20 mpaka 24 ndi okwanira ngakhale pa chithunzi chachikulu chopachika pakhoma.

Malenzi: awiri basi

Apa m'pomwe anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amanyamula malenzi onse omwe ali nawo poopa kuti mwina angawafune. Kusintha lenzi pakati pa chinamtindi cha anthu kumalowetsa fumbi pa sensa, ndipo fumbi limenelo limaoneka ngati timadontho takuda pa chithunzi chilichonse chomwe chili ndi thambo. Kumafunanso manja awiri, omwe simudzakhala nawo.

Lenzi yoyamba ikhale zoom yogwira zonse, monga 18-135mm kapena 18-140mm pa kamera ya APS-C. Imalemera magalamu osakwana 550, ndipo imaona mofanana ndi 27-200mm pa full frame. Mbali ya 18mm ndi yojambulira banja lonse ndi nyumba yomwe ili kumbuyo kwawo popanda kubwerera m'mbuyo mpaka kuponda anthu. Mbali yaitaliyo ndi ya perete, ziwonetsero za papulatifomu, ndi nkhope ya mwana yemwe ali pa kavalo wozungulira inu muli kuseri kwa mpanda. Lenzi yaitali kuposa iyi siithandiza kwenikweni pokhapokha pakiyo ili ndi nyama.

Yachiwiri ikhale yaing'ono yosakoka, ya f/1.8 kapena f/1.4, ya 23mm kapena 24mm pa APS-C, kapena 35mm pa full frame. Zambiri zimalemera magalamu osakwana 300. Chifukwa chake ndi kuwala: nambala ya f ikakhala yaing'ono, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka. Zoom ija ikakokedwa mpaka kumapeto imakhala pa f/5.6, pomwe f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapangitsa kuti mujambule pa 1/125 ya sekondi m'malo mwa 1/13, ndipo pa 1/13 nkhope ya mwana siingatuluke yakuthwa ngakhale manja anu atakhala osagwedera chotani. Stabilisation, njira yochepetsa kugwedera yomwe ili m'kamera kapena m'lenzi, imathetsa kugwedera kwa manja anu okha, siimitsa mwana. Musatenge 50mm pa APS-C poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Imaona mopapatiza, moti mukakhala m'kaboti kamodzi ndi mwana wanu mudzajambula khutu lake lokha.

Njira yosavuta ndi kuvala zoom kuyambira m'mawa, n'kusintha kamodzi dzuwa likamalowa, mutakhala pansi, kamera itazimitsidwa ndipo kukamwa kwake kutayang'ana pansi. Lens hood, kachipewa ka kutsogolo kwa lenzi, ikhale pa lenzi tsiku lonse. Imachepetsa kunyezimira kwa dzuwa, komanso ndi yomwe imagunda zitsulo za m'mizere m'malo mwa galasi.

Manambala oti muwadziwe musananyamuke

Kamera ikakhala pa Auto imasankha shutter speed (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala) yochedwa kuwala kukachepa, ndipo ichi ndi chomwe chimawononga zithunzi zambiri za ana. Ikani pa S kapena Tv kuti shutter speed muzisankha nokha, ISO (muyeso wa momwe kamera imawalitsira chithunzi) ikhale pa Auto koma muiikire malire a 6400. Banja loima chilili limafuna 1/125. Ana oyenda kapena perete, 1/250 mpaka 1/500. Roller coaster yodutsa patsogolo panu imafuna 1/1000 mpaka 1/2000, fokasi yotsatira ya AF-C, ndi kujambula motsatizana; yambani kudina sitimayo isanafike pomwe mukufuna, chifukwa mukadikira kuti muone nkhope ya mwana wanu, wadutsa kale.

M'zokwera za mumdima zimitsani flash, ndipo zimitsaninso kanyali kaja kamayaka kutsogolo kothandiza fokasi, komwe anthu ambiri amaiwala. Flash ndi yoletsedwa m'malo ambiri otere, imasokoneza anzanu, ndipo imaonetsa mawaya ndi makoma akuda omwe opanga anawabisa dala. Gwiritsani f/1.8, 1/125, ISO 3200 mpaka 6400. Chithunzi chidzakhala ndi timadontho ngati mchenga, koma zimenezo zimakonzedwa pa kompyuta, pomwe chogwedera sichikonzedwa. Chepetsaninso kuwala kwa sikirini kapena yang'anirani pa kadiso ka kamera.

Makombola a usiku amafuna zosiyana kwambiri: ISO 100, f/8 mpaka f/11, masekondi 2 mpaka 4, fokasi yoika ndi dzanja pa chinthu chakutali. Kamera iyenera kukhazikika, ndipo ka tripod ka patebulo kolowa m'thumba, koikidwa pa khoma lalifupi, kamakwanira. Gwiritsani timer ya masekondi 2 kuti chala chisaigwedeze. Koma kunena zoona, chithunzi chomwe chimasungidwa nthawi yaitali ndi cha nkhope ya mwana itawala ndi makombolawo, ndipo chimenecho chimafuna f/1.8 ndi 1/125 pamanja basi.

Madzi, thukuta ndi chinyontho

Zokwera za m'madzi sizimangowaza ayi, zina zimakukhuthulirani madzi mpaka zovala zam'kati. Nyamulani majumbo a zipu awiri okula mokwanira kamera ndi lenzi yake, ndi kansalu ka microfibre kosungidwa m'jumbo yakeyake kuti kakhale kouma. Mawu akuti weather sealed amatanthauza kuti kamera ipirira mvula yowaza, ndipo amagwira ntchito pokhapokha lenzinso ili yotetezedwa chimodzimodzi. Chizindikiro cha IP68 pa foni chimachokera ku mayeso a m'madzi abata opanda mchere kapena mankhwala, chitetezocho chimafooka foni ikamakalamba, ndipo makampani ambiri sakonza ulere foni yolowa madzi.

Ngati ulendo wanu uli ndi tsiku la kumaiwe osambirako, action camera, kamera yaing'ono yolimba ya pa masewera, ndi yothandiza. Ma GoPro a mtundu wa HERO Black amapirira mpaka mamita 10 popanda chikuto, ndipo OM System Tough TG-7 imafika mamita 15. Funsani kaye ngati amalola kuimanga pachifuwa kapena padzanja pa chokwera chilichonse, chifukwa malamulo amasiyana ngakhale mkati mwa paki imodzi. Mukamaliza itsukeni ndi madzi abwino, ndipo musatsegule kachitseko ka batire isanaume.

Vuto lomwe limadabwitsa ambiri limachitika m'mawa. Kamera yagona m'chipinda chozizira ndi air conditioner, mwatuluka nayo panja potentha ndi pa chinyontho, galasi lachita nthunzi ngati botolo lochokera mufiriji. Kupukuta sikuthandiza chifukwa nthunziyo imabwerera galasi likadali lozizira, ndipo nthawi zina imakhala mkati. Ikani kamera m'jumbo yotseka musanatuluke, ndipo muisiye momwemo mphindi 15 mpaka 20 kuti ifunde. Nthawi yokwera basi kupita kupaki imakwanira. Samalaninso ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu a DEET. Oyambawo amasiya mafuta ovuta kuchotsa pa galasi, enawo amasungunula pulasitiki ndi zolemba za pa mabatani. Pukutani m'manja mukatha kudzoza ana.

Mabatire ndi makhadi

Mirrorless zambiri zazing'ono zimajambula zithunzi 300 mpaka 400 pa batire limodzi, ndipo vidiyo imalimaliza msanga. Tengani mabatire awiri apadera. Ngati kamera imachajidwa ndi USB-C, power bank imodzi ya 10,000mAh ithandiza kamera ndi foni yomwe. Pa ndege, mabatire apadera a lithium ndi ma power bank amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi. Malire a mphamvu ya batire a makampani ambiri a ndege ndi 100Wh, ndipo power bank ya 20,000mAh ili pafupifupi 74Wh.

Makhadi awiri kapena atatu a 64GB ndi abwino kuposa limodzi la 256GB, chifukwa limodzi likafa kapena kamera ikatayika simutaya ulendo wonse. Chithunzi cha RAW (chosakonzedwa ndi kamera) cha mamegapikiselo 24 chimatenga pafupifupi 25 mpaka 30MB, choncho khadi la 64GB limasunga zithunzi pafupifupi 2,000. Vidiyo ya 4K pa 100Mbps imadya pafupifupi 750MB pa mphindi, ndiye khadi lomwelo limadzaza pasanathe ola limodzi ndi theka. Pa 4K sankhani khadi lolembedwa V30 kapena U3, apo ayi kamera izidula vidiyo yokha chifukwa khadi likulephera kulemba mofulumira. Chitani format (kufufuta zonse n'kulikonza kuti liyambe mwatsopano) khadi lililonse mkati mwa kamera, osati pa kompyuta. Usiku uliwonse koperani zithunzi za tsikulo ku foni kapena laputopu, ndipo khadi lodzaza lisakhale m'chikwama chimodzi ndi kamera.

Kanyamulidwe

Lamba wa m'khosi yemwe amabwera ndi kamera amapweteka pakatha maola awiri, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti mukawerama kuti munyamule mwana, kamera imalendewera kutsogolo n'kumugunda pamphumi. Tengani lamba wopingasa pachifuwa kuti kamera izikhala m'chiuno chakumbuyo, kapena kachikwama kopingasa komwe mungakatembenuzire kutsogolo mukakhala m'chokwera. Kakhale kopanda chizindikiro chachikulu cha kampani ya makamera. Musasiye kamera m'kangolo ka mwana pokakwera, chifukwa tingolo timasiyidwa panja popanda mlonda ndipo ogwira ntchito amatisuntha.

Mwana wa zaka 5 kapena kuposa mutha kumupatsa kamera yakale kapena yolimba ija ya m'madzi, yokhala ndi lamba wa padzanja. Amajambula kuchokera pansi, pa msinkhu wake, ndipo nthawi zambiri ndi zithunzi zake zokha zomwe kholo lojambula limaonekamo.

Ngati kamera ndi yatsopano kapena yobwereka, ifike m'manja mwanu masabata awiri ulendo usanakwane. Valani zida zonse monga mudzavalire tsikulo, muyende nazo maola awiri ndi ana, mujambule akuthamanga masana kenako m'chipinda cha nyali imodzi usiku, ndipo muone zithunzizo pa sikirini yaikulu. Chida chomwe simunachikhudze pa maola awiriwo chitsale kunyumba. Konzani tsiku ndi nthawi ya kamera kuti zifanane ndi za foni molingana ndi dera lomwe mukupita, kuti zithunzi za zida ziwirizi zidzasanjike motsatana. Pomaliza, chithunzi choyamba pa khadi lililonse chikhale cha pepala lolembedwa nambala yanu ya foni ndi imelo, kuti ogwira ntchito ku ofesi ya zotayika adziwe woti amuimbire.