Nyambo ya ubweya wa kalulu yowedzera trout, kamangidwe kake

Anzanga amene mumakwera ku Nyika kukawedza nsomba za trout mmadamu aku Chelinda, tamverani izi. Trout imadyera kwambiri pansi pa madzi, imatola tizilombo tija timakhala pamiyala ndi mu ndere tisanamere mapiko, ndiye nyambo yofanizira timeneti, ija amati Hare's Ear, ndiyakalekale ku Britain koma mpaka lero ikugwirabe, ndipo mutha kumanga nokha konkuno ku Mzuzu.

Nkhani yonse yagona pa ubweya. Pankhope ya kalulu ndi mmakutu mumakhala ubweya wamitundu iwiri, wofewa wotuwa wamkati ndi wolimba wamawangamawanga wapamwamba. Metani wonse ndi sizasi, chonde wolimbawo osataya, ndi umene umaoneka ngati timiyendo tikugwedera mmadzimo. Wofewa wokhawokha ukanyowa umangomatirira pa mbedza basi. Posakaniza ikani mu botolo, madzi theka, kadontho ka sopo, khutchumulani bwinobwino mpaka mitundu ilowane, sefani pa kansalu, tsukuluzani nkuyanika pa nyuzipepala, ndi chinyezi chathu chino bola pambali pa mbaula koma chapatali ndithu ungawauke. Amene muli ndi kachigayo ka khofi kamagetsi, ubweya wouma masekondi ochepa zatheka.

Mbedza tengani nambala 12 kapena 14. Kulungani kawaya ka kopa kutsogolo kuti izimira, ine ndimachotsa mu mota yakufa ya fani. Kumchira kwa nyambo mangani titsitsi tolimba tochepa ndi kawaya kagolide kapena ka kopa komweko. Ulusi pakani phula la njuchi, tsinani ubweya pang'ono, potani mbali imodzi yokha pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako kulungani ulusiwo pa mbedza kuyambira kumchira.

Apa ndi pamene ambiri mukulakwitsa ndipo zimandiwawa kuona ubweya wabwino ukuonongeka, mumaunjika mpaka nyambo kufufuma ngati mbozi. Tsinani wochepa woti ulusi uzionekera mkati, thupi liyambe lowonda kumchira lizinenepa pang'onopang'ono. Kawaya kakumchira kaja zungulizani pathupi kanayi kapena kasanu mosemphana ndi mmene munakulungira ubweya, mano a trout asamasule. Pachifuwa onjezerani wolimba uja, phimbani pamsana ndi kachidutswa ka nthenga ya nkhukundembo, mangani mfundo kumutu nkudonthezapo kyuteksi. Pomaliza tokosani chifuwacho ndi singano titsitsi tiyime nyankhalala.

Kalulu wa mu paki ya Nyika musamukhudze, ndi mlandu umenewo, chikopa pezani kwa oweta kumudzi muzingosankha chaubweya wolimba wambiri, ndipo mukafika ku Chelinda yambani mwafunsa za chilolezo musanaponye mbedza.