Dziwiranitu Potsekera Madzi ndi Magetsi Pakhomo Panu

Paipi ikaphulika usiku, si nthawi yoyamba kufunsana kuti valavu yotsekera madzi a nyumba yonse ili pati. Lero lomwe, kunja kukadali kowala, pitani mukaione. Nthawi zambiri imakhala pafupi ndi mita ya madzi kapena pamene paipi imalowera m'nyumba. Ikakhala yozungulira, imatsekeka mukaipotolera kumanja, mmene muvi wa wotchi umayendera. Ikakhala ya chogwirira chachitali, ndiye kuti yatsekeka chogwiriracho chikapingasa paipi. Iyeseni ndithu, chifukwa valavu yokhala zaka osakhudzidwa imachita dzimbiri n'kukana kutembenuka. Mukatseka, tsegulani mpope umene uli m'munsi kwambiri kuti madzi otsala m'mapaipi atuluke. Amene muli ndi giza (thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi), yambani mwaizimitsa, poti ikauma ili yoyaka elementi yake (chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwake) imapsa.

Magetsi ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Pabokosi la maswichi pali swichi yaikulu yozimitsa nyumba yonse. Iikeni chizindikiro, ndipo chonde musaunjike katundu patsogolo pake. Tochi izikhala pomwepo. Musaigwire swichiyo manja ali onyowa kapena mutaponda m'madzi, ndipo madzi akafika pabokosipo, tulukani muitane a magetsi. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja, nanunso mugwidwa. Zimitsani kaye, zikakanika mumuchotse pawayapo ndi mtengo wouma. Moto woyamba ndi magetsi musauthire madzi mpaka mutazimitsa swichi yaikulu ija.

Ana okulirapo ndi aliyense wotsala pakhomo masana muwaonetsenso malo awiriwa, aliyense ayese kutseka ndi dzanja lake.